Mizere ya Pensulo m'Buku la ku Ohio

Ohio, Amereka
6 Febuluwale 2023

Okondedwa a Morris, mlongo wanga,

Muli bwanji ku Kambombo? Amama ali bwanji, mwendo uja ukuwavutabe? Nanga ana anu a giredi naini, sanakumeretseni imvi? Ine ndili bwino. A Donald nawonso ali bwino, apereka moni.

Kuno kukuzizira moti agogo amene ndimawasamalira kuntchito sanatuluke panja chiyambire Disembala. Mundilembere za chimanga, za mvula, za amene wakwatiwa ndi amene wathawa. Ndili ndi njala ya nkhani.

M'phukusimu muli mafuta opaka mwendo a amama, ndi buku lanu. Paja munkadandaula kuti mabuku a pasukulu mwawawerenga mpaka masamba kufewa. Ili ndi lotchuka kuno, linapata mphoto yaikulu, muona kachidindo kagolide pachikuto. Si losangalatsa ayi, ndakuchenjezeranitu. Muliwerenge mofatsa, osati mmene mumachongera mayeso, ndipo amama akafuna muziwamasulira.

Poyankha mulembe adiresi ya kuntchito ili pansiyi. M'bokosi la kunyumba makalata amasochera. Foni ya Lamlungu ija ndi ya moni chabe, nkhani zenizeni ndimazifuna papepala.

Ndine mlongo wanu,
Purity


Kambombo, Chama
19 Malichi 2023

Purity,

Moni kwa iwe ndi alamu anga a Donald. Ife tili bwino, mwendo wa amama ukusintha ndi mafuta aja. Chimanga chabereka, koma ku Chifunda njovu zayamba kale kukolola m'malo mwa eni minda.

Manje tiye ku buku lako. Mlongo wanga, tinakulakwira chiyani? Ndakhala ndikuwamasulira amama masana aliwonse pakhonde ndikaweruka, ndipo pofika tsiku lachitatu amayi awiri oyandikana nafe anali atabwera ndi timipando tawo. Tsiku lachisanu mmodzi ananyamula kampando kake n'kunena kuti iye maliro amalira a kwawo, a m'buku ayi.

Taona wekha. Mkazi wa m'bukumo wolemba sanamupatse ndi dzina lomwe. Tauni yake fakitale inatsekedwa, anthu angokhala m'nyumba maso pa TV. Atate ake amwalira pampando, ndipo papita masiku khumi ndi asanu ndi anayi popanda munthu kudziwa, mpaka galu wa nyumba yoyandikana nayo ndiye wazindikira. Amama anandiimitsa pamenepo n'kufunsa kuti, "Nanga a mpingo anali kuti?" Ndinati m'bukumu mulibe mpingo. Anati, "Nanga wobwera kudzapempha mchere analibe?" Pamaliro pafika anthu anayi, ndipo mmodzi mwa anayiwo ndi wantchito wa pamalopo. Kenako mtembo autentha, phulusa aika m'chitini, chitini pashelefu pafupi ndi khofi! Amama anagwira pakamwa, sanadye madzulo amenewo.

Mlongo wake wa mkaziyo wafa ndi mapiritsi. Mwamuna wake ndiye usanene. Ndinkangodikira kuti mwina kutsogoloku kubwera malume, kapena m'busa, kapena wapolisi, wina aliyense woti anene kuti basi zakwana. Palibe anabwera. Pomaliza mkaziyo wakhala m'galimoto panja pa sitolo, kiyi ali m'manja, ndipo buku lathera pomwepo. Ndinaligwedeza kuti mwina masamba ena agwa. Ameneyo ndiye alandira mphoto? Mwana wanga wa giredi naini atandilembera chimangirizo chotere ndingamuuze kuti akamalize.

Koma sindinama, Chingerezi chake ndi chokoma maningi, ndipo sabata yonse chitini chija chimangondibwerera m'mutu.

Pali kanthu kena. M'bukumu muli mizere ya pensulo yodulidwa kunsi kwa mawu, malo khumi ndi anayi. Amama ataiona anandiuza kuti ndisiye zonse, ndiwawerengere malo a mizere okhawo, kawiri. Kenako analanda buku n'kulimanga m'chitenje. Ndawauza kuti ndi nkhani yopeka, Azungu okhuta amakonda kudzimvetsa chisoni, koma ukuwadziwa amako. Akuti akulembera okha.

Mlongo wako,
Morris


Kambombo
26 Malichi 2023

Mwana wanga Purity,

Ndine amako. Moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili moyo, mwendo usakudetse nkhawa. Iwe uli bwanji? Ndikufunsa zenizeni, osati za pafoni.

Morris akuti ndine wosaphunzira, sindidziwa kusiyanitsa nkhani yopeka ndi kalata. Chingerezi sindichidziwa, zoona. Koma mzere ndimaudziwa. Iwe wakulira pamsana panga ku Chigwirizano cha amayi Lachinayi lililonse. Ukudziwa kuti mayi akakhala ndi chinthu cholemera choti sangachitulutse pakamwa pagulu, amadula mzere m'buku lake la Mawu a Mulungu n'kupatsira mnzake lili chotsegula, ndipo mnzakeyo amadziwa chopempherera. Chaka chimene malemu atate ako anakatenga mkazi wina ku Chifunda, ine sindinauze munthu. Ndinapatsira buku langa amake Everlyn, iwe uli pambali panga ukudya chinangwa.

Morris wandimasulira ndipo ndalemba kuti ndisaiwale. Pena akuti, "Anachotsa loko pachitseko cha kubafa, n'kunena kuti anthu okondana satsekerana." Pena akuti, "Ndinaphunzira kudziwa mtima wake pomva mmene watsekera chitseko cha galimoto." Ndipo pena akuti, "Ndikamalankhula ndi amayi pafoni, amakhala pambali panga akumwetulira."

Mwana wanga, pamenepo ndinazindikira. Zaka zitatu ukuimba Lamlungu, ndipo palibe tsiku limene apongozi anga a Donald sanalowererepo kuti, "Amama, tili bwino tonse." Ine ndinkayesa ulemu.

Lachitatu ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Tembwe kwa asewere anga a Ng'uni, atate ake a Donald. Mitsinje iwiri tinawoloka madzi ali m'chiuno, buku ndili nalo pamutu. Ndinaliika pamphasa pamaso pawo, ndinawawerengera mizere itatuyi, ndinawauza kuti mwana wawo akumupha mwana wanga pang'onopang'ono kudziko la eni, ndipo ngati wamutopa andibwezere ali wamoyo, osati m'chitini. Anakwiya kwambiri. Akuti amuimbira foni mwana wawo.

Usaope. Ndamva zimene wanena.

Amako,
Jestina Goma


Ohio, Amereka
28 Epulo 2023

Kwa amama ndi a Morris,

Moni nonse. Makalata anu ndalandira, ndipo apongozi anga a ku Tembwe anatiimbira foni.

Ndadabwa kwambiri, ndipo ndachita manyazi. Buku lija si ine ndinadula mizere. Kuno kuli masitolo a mabuku akale, tinene kuti salaula ya mabuku, ndipo ndinaligula kumeneko mizere ili kale momwemo. Mukayang'ana mkati mwa chikuto mupeza dzina la mwini wake woyamba lofufutidwa. Munthuyo sindimudziwa. Nkhaniyo ndi yopeka. Olemba a kuno amalemba zomvetsa chisoni chifukwa ndi zimene zimapata mphoto.

A Donald ndi mwamuna wabwino. Amandisamala ndipo sindisowa kanthu. Mwanyozetsa dzina lawo ndi la makolo awo popanda chifukwa. Ndikupempha kuti nkhaniyi mukaikonze mwa mwambo wake.

Ndine,
Purity Ng'uni

Amama, ndine mpongozi wanu Donald. Ndakhumudwa koma ndakhululuka, poti ukalamba umabwera ndi zambiri. Atate ndi amayi ndi amene akudikira mawu anu. Kuyambira manje makalata azibwera kunyumba, ndalemba adiresi kuseri kwa envulopu.


Kambombo, Chama
28 Meyi 2023

Purity,

Moni kwa iwe ndi alamu. Tili bwino, takolola, nkhokwe yadzaza mpaka pakhosi. Iwe uli bwanji pambuyo pa chipwirikiti chonsechi?

Kalata yako itafika ndinathamangira buku lija. Zoonadi, mkati mwa chikuto muli dzina lofufutidwa, ukalipendeketsa padzuwa limaoneka, ndipo kumbuyo kuli kapepala ka sitolo. Ndinakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, kenako ndinasiya kuseka nditakumbukira ulendo wa ku Tembwe. Amama awoloka mitsinje iwiri chifukwa cha pensulo ya Mzungu wosamudziwa! Ndinawauza ine, koma mawu a mphunzitsi amamveka kusukulu kokha.

Nkhani yafalikira. Kuchigayo akuwatcha amake Buku. Dzana wina pamsika anandifunsa ngati ndili ndi buku lina loti limuuze amene akumubera mbuzi. Kusukulu ndikalowa mu ofesi aphunzitsi anzanga amabisa mapensulo.

Ankhoswe a mbali zonse anakumana. Agamula kuti amama apite ku Tembwe ndi nkhuku yoyera, akagwade pamaso pa a Ng'uni ndi abale awo, akanene ndi pakamwa pawo kuti ananama. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, ndi mwendo uja. Zikundiwawa, koma cholakwa ndi chathu. Nkhuku yapezeka kale, aimanga kamwendo kuseri kwa khitchini. Ine ndimafuna tipite sabata yamawa zithe, koma amama akuti adzapita Loweruka pa 5 Ogasiti, osati tsiku lina. Chifukwa chake sakunena.

Uwapepesere alamu m'malo mwanga. Ulendo wina utumize buku la masamu.

Ine ndimati tilembe adiresi ya kunyumba monga ananenera alamu, koma amama alanda envulopu, akuti akaponya okha ku boma.

Mlongo wako,
Morris


Kambombo
29 Meyi 2023

Mwana wanga,

Ndine amako. Moni. Kapepala aka Morris sanakaone, ndipo ndatumiza kuntchito kwako.

Kugwada sindikuopa. Ndagwadira anthu ambiri pamoyo wanga, maondo anazolowera. Ngati ndinalakwa ndipita, ndikanena kuti ndinanama, ndipo ndidzagona tulo tabwino podziwa kuti mwana wanga ali pamtendere.

Koma kalata yako ija ndaiwerenga kasanu ndi kawiri. Sunafunse za mwendo wanga. Sunamunyogodole Morris ngakhale pamodzi. Unasaina dzina lonse ngati ukulembera boma. Pa envulopu dzanja si lako.

Ndili ndi funso limodzi chabe. Salaula ndimaidziwa. Munthu sutola chovala choyamba chimene wagwira, umatembenuza, umayang'ana m'khwapa ndi m'khosi, chothimbirira umasiya. Iwe kuyambira uli mwana sunkalola ngakhale kope lopindika pakona. Manje undiuze: m'sitolo muja buku limenelo linalipo limodzi lokha?

Ndawauza ankhoswe 5 Ogasiti kuti kalata iyi ipite ndipo yankho libwere. Ukanena kuti linali limodzi, kapena ukapanda kuyankha, ndinyamula nkhuku.

Amako


Ohio, Amereka
30 Juni 2023

Amama,

Nkhuku ija musapereke.

Analipo atatu. Awiri anali oyera ngati atsopano.

Ndikulemba ndili kwa Jenny, mnzanga wa kuntchito wochokera ku Kenya. Ndakhala kuno masiku asanu ndi anayi. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena ndili ndekha m'chipinda. Mwendo uli bwanji? Mukupakabe mafuta?

Tsiku lija mu Januwale a Donald anandisiya pasitolo ya mabuku kwa mphindi makumi awiri, iwo akukagula zitsulo za galimoto. Ndinkafuna buku la a Morris basi. Ndinatsegula loyamba, lachiwiri, kenako lachitatu, ndipo maso anga anagwera pa mzere wa loko ya kubafa. Amama, ndinakhala pansi pakati pa mashelefu. Loko ya kubafa kwathu inachotsedwa mwezi wachiwiri nditafika kuno. Ndinawerenga mizere yonse khumi ndi inayi ndili pansi pomwepo. Mayi amene anaidula sindimudziwa, kaya ali moyo kaya. Koma anali ngati wakhala nane pabenchi Lachinayi n'kundipatsira buku lake.

Ndekha sindikanatha kudula mzere. Chilichonse chotuluka m'nyumba muja amachiona, foni amaiwerenga, malipiro anga amalowa kwa iwo, pasipoti anaitsekera. Kalata yoyamba ija anaiwerenga, ndime ya adiresi ya kuntchito ndinaiwonjezera pambuyo ndili ku positi. Buku analitsegula n'kufunsa za mizere. Ndinawaonetsa dzina lofufutidwa, anaseka, n'kulibweza m'phukusi. Ndinadziwa kuti a Morris aona Chingerezi, koma inu muona pensulo.

Chimene sindinaganize n'chakuti mupita ku Tembwe. Atate awo ataimba foni, a Donald anadikira mpaka foni itatha, n'kuiika bwinobwino patebulo. Sindilemba zonse. Dzanja langa lamanzere linakhala m'pulasitala masabata asanu ndi limodzi, kuchipatala ndinati ndinaterereka pa masitepe. Kalata ya Epulo ndinalemba ndi lamanja, iwo ataima kumbuyo kwanga akundiuza mawu. Musadziimbe mlandu, amama, chonde. Sikanali koyamba kundimenya, kanali chabe koyamba kundithyola.

Pambuyo pake ndinataya mtima. Ndinati basi, ndayesa, zakanika, ndipo amama akagwada chifukwa cha ine. Kenako kapepala kanu kanafika kuntchito. Ndinakawerengera m'chipinda chochapira zovala za agogo. Nditafika pa funso lanu ndinalira mokweza moti Jenny anabwera akuthamanga, akuyesa kuti makina andidya chala. Ndinamuuza zonse, koyamba kuuza munthu ndi pakamwa. Tsiku limenelo a Donald atabwera kudzanditenga pa geti ya kutsogolo, ife tinali titatulukira kale ya kumbuyo.

Kuno kuli amayi a bungwe lina amene amathandiza akazi onga ine. Anandiperekeza kupolisi, pasipoti ndaitenga, ndipo khoti lalamula kuti asandiyandikire. Za mapepala okhalira kuno sizinadziwike. Mwina ndikhala, mwina ndibwera. Ndikuopa, sindinama. Ndikamva chitseko cha galimoto panja mtima umadumphabe.

Muwauze a Morris kuti buku lija masamba ake ndi okwanira, palibe linagwa. Inenso ndakhala zaka zitatu pa tsamba lomaliza lija. Kusiyana kwake n'kwakuti mkazi uja analibe womufunsa kuti mabuku analipo angati.

Ankhoswe muwauze zonse, sindikubisanso. Kalata iyi mukhoza kuiika pamphasa ya ku Tembwe.

Ndine mwana wanu,
Purity


Kambombo, Chama
30 Julayi 2023

Purity, mlongo wanga,

Moni. Uli bwanji? Dzanja likugwira? Ukudya? Tiyankhe msanga, ndipo utipatse nambala ya Jenny.

Sindikudziwa poyambira. Kalata yako ndinakaitenga ku boma Lachinayi, ndipo amama anaiwerenga okha pakhonde ine nditaima. Atafika pa pulasitala anaima, anayang'ana mapazi awo amene anawoloka mitsinje aja, nthawi yaitali. Sanalire. Anamaliza, n'kundipatsa. Ine ndi amene ndinalira, mphunzitsi wamkulu ndevu pepeya, ana a sukulu akudutsa pamsewu.

Ndinaseka, Purity. Ndinakulembera kuti uwapepesere alamu. Ndinkafuna kutumiza kalata ija kunyumba, m'manja mwake. Undikhululukire.

Dzulo tinapita ku Tembwe, sabata imodzi tsiku lisanakwane. Ankhoswe analipo, abale a a Ng'uni anadzaza bwalo kudzaona amake Buku akugwada. Amama anakana mphasa. Anaima chilili, n'kundiuza kuti ndiwerenge kalata yako mokweza, yonse, osadumpha. A Ng'uni anangoti mwana wawo sangachite zotere. Koma akazi awo, amake Donald, anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo pamene tinkakwera njinga anatitsatira mpaka kumsewu. Anagwira dzanja la amama n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mizere inayo, khumi ndi umodzi yotsalayo, imati chiyani?" Amama awalonjeza kuti Lachinayi awatumizira, ndipo ndikumasulira manje.

Amama akuti ndikulembere mawu awo ndendende, ndiye nawa: "Ukhale kapena ubwere, zonse zili bwino, bola uzipuma. Nkhuku ndaimasula chingwe, ikudya ndi zinzake. Palibe woigwira mpaka tsiku limene udzalowe pakhomo pano."

Mlongo wako,
Morris